Tsiku limene tinameta mpala

Mng'ono wanga atabwerako kuchipatala ku Blantyre, komwe ankalandira mankhwala a khansa, tsitsi lonse linali litathothoka. Mwana amene ankalongolola mpaka nkhuku kusamuka pakhomo anangodzitsekera kuchipinda. Ngakhale pakhonde ankakana kukhala, ati anthu amuseka.

Ine ndinali nditangomaliza Fomu 4, ndipo ndinkasunga tsitsi loti Ntcheu yense sanalionepo. Ndinapita kwa ometa pa Nsipe n'kulichotsa lonse kuti tikhale awiri.

"Iwe, mutuwo ngati chipanda!" anatero amayi. M'mawa mwake nawonso anameta.

Tinaiwala chinthu chimodzi. Kwathu kuno anthu a banja limodzi akameta pamodzi, ndiye kuti kwagwa maliro. Azimayi a kumpingo anationa pamjigo ndipo sanafunse n'komwe. Masana anatulukira atasenza ufa ndi nkhuni. Ine ndinawerenga anthu miliyoni, amayi akuti anali asanu ndi mmodzi. Anakhala pansi n'kuyamba nyimbo ya maliro.

 Kenako chitseko chinatseguka, mng'ono wanga n'kutuluka, mutu osavala kanthu.

"Mukulira ndani?" anafunsa.

Mayi wina, poyesa kuti waona mzukwa, anakuwa moti ku Dedza anamva. Atazindikira, anamukoka n'kumukhazika pamiyendo, akuseka misozi ili chuchuchu, uku akumusisita kamutu kaja.

Tsiku limenelo mwanayo anakhala panja mpaka dzuwa kupendeka, akuwafotokozera alendowo kutalika kwa jekeseni wa kuchipatala. Pokokomeza anandiposa ine.