Mphaka wa Shuga ndi Nambala za pa Khoma

Mphaka wa mwana wanga anafika kwathu ku Thambani pa matola limodzi ndi mwiniwake, ali m'dengu lovindikira ngati nkhuku ya kumsika. Inali nyengo ya manachesi, kukuzizira, chimanga chitalowa kale m'nkhokwe. Mwana wanga wamkazi, uja amagwira ntchito mu ofesi ku boma ku Mwanza, anatumizidwa kukaphunzira za ntchito ku Zomba miyezi itatu, ndipo kumeneko ziweto salola. Mphakayo anali wa malemu mwamuna wake. Mwana sanasiye, anasiya mphaka. Madzulo mwana wanga akamatsegula chitseko, womulonjera m'nyumba muja ndi yemweyo basi.

Ndiye anandiuza kuti mphakayu ali ndi shuga. Ine kuseka, kuseka mpaka kugwira nthiti. Shuga ndimamudziwa wa anthu, wa aphunzitsi opuma ndi wa eni golosale. Nanga mphaka shuga wamutenga kuti, amamwa tiyi? Mwana wanga sanaseke. Anatulutsa kabotolo kochepa ngati chala changa chaching'ono, nati mankhwala ake ndi insulini, onga amabaya anthu aja. Anandionetsa jakisoni woonda wa timizere: mizere itatu m'mawa, mizere itatu madzulo, atayamba wadya. Anandigwiritsa chikopa cha kumbuyo kwa khosi, kutsina, kukweza, kulowetsa singano. Anandionetsanso kamakina: ubaya m'mphepete mwa khutu, kadontho ka magazi ukhudzitsa kapepala, kamakina kalemba nambala. Anasiya thumba la chakudya cha m'sitolo, timibulu touma tonga ndowe za mbuzi, ndi kabotolo kena ka uchi. Ananena zambiri, mawu akuthamanga ngati madzi a mvula mumsewu, za nambala yokwera, za nambala yotsika. Mutu wanga unatola zimene unatha. Koma amene anakhazikika ndi mawu ake omaliza, atakwera kale kabaza.

"Amayi, musadumphitse. Ndidzam'peze wamoyo."

Firiji ndilibe. Ndinatenga mtsuko waukulu, ndinathiramo mchenga wonyowa, pakati ndinakhazika kamphika, m'kamphikamo kabotolo. M'mawa uliwonse mchenga ndimaumwetsa madzi ngati dimba.

Sukulu ndinalekeza sitandade thuu, koma nambala ndimazidziwa nkhope zake. Chimene kamakina kalemba, ine ndimakopera ndi khala pakhoma la kukhitchini, pansi pa chinzake, pansi pa chinzake. Masiku oyamba nambala zinkabwera ziwiriziwiri, zogundana mapewa ngati mwamuna ndi mkazi popita kutchalitchi. Mphakayo ankamwa madzi ngati ng'ombe, mbale gwa, ndithira, mbale gwa. Ubweya uli nyankhalala, maso ali tulo. Ine ndinkamuimbira pobaya, kuti aiwale singano: dzulo tinabaya, lero tibaya, mwini wako ali ku Zomba.

Mbiri inafika kwa alamu anga, akazi a achimwene, amene khomo lawo lili kutsidya kwa kamtsinje. Tsiku lina ndinangoona atulukira ndi amayi awiri a kumpingo, atamanga zitenje zatsopano, nkhope zachisoni zongopanga.

"Odi kuno, alamu. Tamva kuti muli ndi odwala, tabwera kudzazonda. Agona bwanji abwana?"

Kwathu kuno wodwala sumuzonda chimanjamanja, ngakhale ukuseka. Anamasula timitolo: mbewa ziwiri zowamba, matemba a kumsika, ziwala zodzaza kapu. Anagwada pamphasa, kuwomba m'manja, kum'patsa mphaka moni waulemu, ife misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. Koma wodwalayo sanaone nthabwala. Ananunkhiza mbewa, anaigwira, anaimaliza ndi mchira womwe. Mawa lake timibulu ta m'sitolo anatiyang'ana ngati tam'tukwana.

Nthabwala ija inasanduka mwambo. Aliyense wobwera kokumba mbewa ankapatuka, ati ya odwala iyi. Timibulu ndinkathira m'mbale, mphaka osakhudza, nkhuku zanga n'kumaliza. Patapita masabata, iye mwini anayamba kubisalira pansi pa nkhokwe, n'kumabwera ndi zake kukamwa.

Kenako nambala zinayamba kutsika. Lero yaying'ono, mawa yaying'ono kuposa. Tsiku lina inabwera imodzi yokha, yopanda mnzake, ngati wamasiye.

Apa ndi pamene mtima wanga unalowa madzi. Ine ndalera ana asanu ndi mmodzi, onse ndinawabereka kumsana kupita nawo kusikelo. Khadi la kusikelo ndimalidziwa kuposa buku la nyimbo. Mzere ukamakwera, anamwino amakumwetulira. Mzere ukatsika, amakuyang'ana m'maso, ati mayi, mwanayu mukum'samala bwanji? Nambala yotsika ndi mwana wofota, ndi mmene ndinakulira. Ndiye ndikaima pakhoma paja ndinkaona mphaka wa mwana wanga akutha m'manja mwanga.

Koma chinali chondizunguza n'chakuti maso anga ankanena zina. Ubweya ukung'anima. Madzi m'mbale akugona mpaka mawa. Akulumpha kukwera pamtondo. Nanga wofota amalumpha? Ndinkakhala pakhonde ndikumuyang'ana, ndikufunsa kuti m'kati mwa kanyama aka mukuchitika chiyani, wonama ndani, khoma kapena ubweya? Alamu ankati kamakinako n'ka amphaka a m'tauni, magazi a mbewa sikawadziwa.

Lamlungu lililonse ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa munda, pamene pamagwira netiweki, kulankhula ndi mwana wanga. Akafunsa nambala, ndinkati khoma lili kutali ndi chulu, koma akudya, akusewera. Sindinaname, koma sindinanene. Ndinkaopa kum'sokoneza maphunziro, ndinkaopanso kumva kuti ndalephera.

Tsiku lija m'mawa nambala inali imodzi, ndipo mphaka anangonyambita matemba pang'ono. Ndinaima ndi jakisoni, ndinakumbukira mawu a pa kabaza, ndinabaya mizere itatu. Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, ine ndi alamu tikutongola chimanga pabwalo, ndinaona mphaka uja akutuluka m'nyumba akuyenda ngati wochokera ku kachasu. Anagunda mtondo, anagwa, anadzuka, anagwanso. Maso ali tong'o koma osaona, thupi lonse likunjenjemera. Ndinam'baya khutu. Kamakina kanalemba nambala yaying'ono imene sindinaionepo pakhoma lonse.

Mutu wanga unathamangira kusikelo. Mwana watsika, mankhwala achepa. Ndinapita pamtsuko, ndinakoka mizere inayi. Ndinali nditatsina kale chikopa pamene alamu anandigwira dzanja.

"Alamu, taimani. Kunjenjemera uku ine ndimakudziwa. N'kwa munthu amene walima ganyu tsiku lonse m'mimba mulibe kanthu. Wanjala mumam'baya?"

Mawu akuti njala ndi amene anatsegula chitseko. Uchi. Mwana wanga anati akadzagwedera, mudzam'pake uchi m'nkhama. Tsiku limene ankanena ndinadabwa mumtima, kuti wodwala shuga n'kum'patsanso uchi, zikugwirizana pati? Sindinafunse, kabaza anali akudikira. Tsopano funso lomwelo linaimitsa singano m'mwamba. Ngati uchi ndi wom'dzutsa, ndiye kuti shuga m'thupimo wachepa. Ndipo ngati wachepa, wam'chepetsa ndani, si jakisoni wanga yemweyu?

Ndinaika jakisoni pansi, ndinaviika chala mu uchi, ndinapaka m'nkhama, kupaka, kupaka, ndikuimba chapansipansi nyimbo yopanda mutu. Nkhuku zinabwera kudzatola chimanga palichero, palibe anaziingitsa. Pang'onopang'ono kunjenjemera kunaleka. Lilime linatuluka, linanyambita chala changa. Anadzutsa mutu, anandiyang'ana ngati akufunsa kuti phokosoli n'lachiyani, ndipo matemba amene anawakana m'mawa anawadya onse.

Pachulu ndinakwera chothamanga, ine wa mawondo awa. Ndinaulula zonse, za khoma, za sikelo, za mizere inayi. Mwana wanga anati ndisachoke pomwepo. Posakhalitsa foni inalira, anali dokotala wa ziweto wa ku Blantyre amene amaona mphakayo. Anandifunsa nambala za masabata onse, ndinamuuza zimene ndinakumbuka. Anafunsa madzi, anafunsa mkodzo, anafunsa chakudya. Nditanena za ozonda odwala ndi mbewa zawo, ndiponso kuti thumba la m'sitolo likunenepetsa nkhuku, anaseka mpaka kutsokomola.

Anandifotokozera mwachifatse, ngati mdzukulu wabwino. Anati sikelo iyi si ya ana ija: nambala ikakwera kwambiri n'zoipa, ikatsika kwambiri n'zoopsa kuposa, malo abwino ali pakati. Anati m'mimba mwa mphaka muli kachiwalo kamene kamapanga insulini wakewake. Kanatopa ndi chakudya cha ufa, koma pa nyama yokhayokha kapuma, ndipo kakuoneka kuti kayambanso ntchito.

"Ndiye agogo, ndiwo zimodzi mukuthira mchere anthu awiri. Mmodzi aleke, ndipo woleka ndinu."

Anati madzulo amenewo ndisabaye. Anandipatsa nambala yoti ndilembe pachitseko: kamakina kakalemba yochepera imeneyo, singano igone. Kakapitirira, mzere umodzi wokha, ndipo ndizimuimbira pakapita masiku awiri aliwonse.

Mukuganiza kuti kuchepetsa n'kophweka? Kuwonjezera dzanja limadziwa lokha, kuchepetsa limakana. Zinali ngati kuletsa mwana kuyamwa: bere lilipo, mwana alipo, iwe n'kumayang'ana kumbali. Madzulo oyamba ndinazungulira mtsuko katatu ngati ndataya kanthu. Masiku ena nambala inkadumpha ya pachitseko, ndibaya mzere umodzi. Masiku ena inkagona pansi pake, ndibweza kabotolo. Kenako dokotala anati theka la mzere. Theka la mzere, maso anga awa! Ndinkatuluka panja, kukweza jakisoni kudzuwa, diso limodzi lotsinzina, alamu ali kumbuyo akuti mukufuna kubaya mtambo kodi.

Ndiye linafika tsiku lopanda singano, ndi linzake, ndi linzake. Tsiku lililonse lotero ndinkaika nthanga imodzi ya nachesi pazenera. Nyimbo yanga inasintha: dzulo sitinabaye, lero sitibaya, mwini wako ali m'njira. Dokotala anandichenjeza kuti ndisavine msanga, matendawa agona, sanafe, ndipo chakudya cha ufa chingawadzutse. Khutu tizibayabe mwa apo ndi apo. Ndinamvera, ndinavina pang'ono pokha, kuseri kwa khitchini.

Mwana wanga anatsika pa kabaza nthanga zitadzaza zenera mpaka pakona. Sanandipatse moni bwinobwino, maso ali uku ndi uku. Mphaka anali pamwamba pa nkhokwe akuwotha dzuwa. Mwiniwake anamuitana. Iye anayamba wadziwongola, anayasamula, anatsika mwaulemu wake, n'kudzadzikhula pamiyendo yake. Mwana wanga anakhala pansi padothi ndi siketi ya ku ofesi, nkhope anaibisa mu ubweya muja.

Pambuyo pake ndinam'tengera kukhitchini. Anawerenga khoma lonse kuyambira pamwamba, chala chikutsika, chikutsika, mpaka pa nambala yaying'ono ija, pamene khala linathyokera. Anaima pamenepo. Kenako anajambula khomalo ndi foni kuti akaonetse dokotala.

"Ndam'peza wamoyo, amayi."

Anabwerera naye ku boma m'dengu lomwe lija, pamwamba atamanga mtolo wa matemba ndi mbewa zowamba zochokera kwa alamu, ati kamba wa odwala. Thumba la timibulu anandisiyira. Alamu akuti nkhuku zanga zanenepa mokayikitsa, nazonso zidwala shuga, ndikonzeretu mtsuko. Ine ndinagwira tambala dzana, ndinam'tembenuza mutu uku ndi uku, koma khutu loti n'kubaya sindinalipeze.