Mmene Kobina Anasiyira Kudikira Araba

Mlongo wanga Kobina amawotcherera zitsulo ku Effiakuma, konkuno ku Takoradi. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Chibwenzi chake ndi Araba chinayamba ali ku sekondale, moti mtsikanayo tonse tinkangomutcha mlamu. Araba atapita ku Kumasi kukaphunzira unamwino, anabwerako ndi mawu akuti mtima wake unasintha. Sanachite mwano, anangonena zoona zake n'kumapita.

Kobina sanalire. Anangosiya kudya, n'kuyamba kupanga mageti a anthu mokhota. Anzake a kuntchito ankamuseka: "Bwana, geti ilitu laloza ku Kumasi!" Iye ankaseka nawo, koma thalauza linayamba kum'vuka.

Ndine ndinam'kokera kwa mayi Bentsil, mlangizi wa pachipatala chathu chaching'ono. Panjira ankangonyinyirika.

"Achemwali, mwanditenga ngati wamisala?"

"Wamisala amadya, iwe sudya. Tiye."

Ulendo woyamba ankangoyang'ana miyendo ya mpando wachitsulo. Atatuluka anati amene anawotcherera mpandowo sadziwa ntchito. Komabe sabata yotsatira anapitanso, yekha. Anadzandiuza pambuyo pake kuti mayiwo sanamuuze kuti amuiwale Araba, kapena kum'lonjeza kuti apeza wina. Anangomufunsa kuti, "Bambo Kobina, tisiye kaye zimene munkafuna awirinu. Inuyo panokha mumafuna chiyani?" Apa mpamene misozi inatsika. Mayiwo anamusiya alire mpaka atatopa.

Tsiku lina mayiwo anam'funsa nthawi imene mtima umawawa kwambiri. Iye anati ndi poweruka, chifukwa ndiyo nthawi imene ankaimbirana foni ndi Araba. "Nthawi imeneyo tiipezere ntchito," anatero mayi Bentsil. Kobina anakumbuka kuti ali mwana ankaliza lipenga m'gulu la oimba la kwathu kuno, ndipo anabwererako. Masiku oyambirira lipengalo linkalira ngati mbuzi yomangidwa, mpaka mayi athu anam'pitikitsira kuseri kwa nyumba. Sikuti zonse zinangoyenda bwino ayi. Masiku ena ankapezeka akuyang'ananso zithunzi za Araba pafoni, n'kukaulula yekha kwa mlangizi uja.

Pa Khirisimasi gulu lawo linkaimba mumsewu, anthu ovala zigoba kumaso akuvina patsogolo. Araba anali m'khamulo, pambali pake pali mwamuna wina. Nyimbo itatha, Kobina anapukuta pakamwa n'kupita kukawapatsa moni onse awiri. Ine ndinkaonera chapatali, mtima uli m'mwamba.

Pobwerera kunyumba ndinam'funsa kuti, "Zili bwanji?"

"Zikupwetekabe, achemwali," anatero, "koma ndikutha kuyenda nazo."

Panopa akadali yekha, ndipo sakuthamangira za banja. Loweruka lililonse amakaliza lipenga kumaliro kapena kuukwati, ndipo akuti chaka chamawa akufuna kutsegula malo akeake owotcherera ku Kwesimintsim.