Nyerere pa Limu la Njinga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ababa anafika pakhomo atasenza njinga paphewa. Sankaikankha chifukwa matayala ake anali atakana kuzungulira. Fungo ndi limene linayamba kulowa m'nyumba, iwo akubwera pambuyo. Mpaka lero ndikadutsa pafupi ndi khola la nkhuku mvula itangogwa, m'kamwa mumadzaza malovu ndipo ndimafuna polavulira.

Tinkakhala m'malaini a pa esiteti ina ya tiyi, kumtunda kwa Makwasa. Ababa ankapopera mankhwala m'minda, amayi ankathyola tiyi mpaka pamene pakati panawaletsa kubereka dengu. Njingayo inali mawunteni, ya magiya ambiri ndi matayala a mano, ya mwana wa amanijala ena amene anasamutsidwa kalekale. Inakhala zaka m'khola kuseri kwa nyumba yawo, nkhuku zikugona pa mahandulo. Akhuki a kumeneko, posesa kholalo, anauza ababa kuti aitenge isanapite kudzala.

Ababa ankaifunira chinthu chimodzi. Amayi anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, miyendo itatupa moti nsapato zinkawakana, ndipo ulendo wa kusikelo ku Makwasa unkawadyera m'mawa wonse, akupumira pamwala uliwonse. Ababa analonjeza kuti mwezi usanathe adzawanyamula ngati mkazi wa akalaliki. Amayi anaseka, nati ayambe achotsa zitosi, za ukalaliki tidzaziona.

Pakhomo panalibe mwana wamwamuna, choncho ntchito ya zala zing'onozing'ono inagwera ine. Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi, ababa ankayala thumba pansi pa mtengo wa mapeyala n'kuimika njinga chadodolido. Zitosi zinali zitaumbika pa felemu ngati dothi la chiswe. Ukazipala zouma, fumbi lake linkalowa m'mphuno. Ukazithira madzi, zinkadzuka n'kununkha ngati zagwa dzulo. Tsiku limene tinazula chishalo, m'paipi ya felemu munatuluka madzi akuda, kenako ababa anakokamo ndi waya khoswe wofufuma, ubweya ukusosoka. Ndinathamangira kuseri kukasanza. Nditabwerako ndinapeza akum'kwirira, nati tim'patse ulemu chifukwa ndiye wakhala mwini njinga zaka zonsezi.

Iwo sankanyansidwa, kapena sankaonetsa. Anamasula habu, chitsulo cha pakati pa tayala, nakhuthulira timipira tachitsulo m'chivundikiro cha chitini kuti nditipukute kamodzikamodzi. Anaviika tcheni m'palafini kwa sabata yathunthu. Chubu anachimata zigamba mpaka sitinkadziwanso mtundu wake woyamba. Mawunteni sabwera ndi kaliyala, ndiye anakawotcheretsa ya njinga yakale kumsika, n'kumangapo pilo wa masanza kuti amayi asamve mabampu.

Chimene chinasowa ndi girisi. Kufakitale analipo wodzaza migolo, koma ababa ankati kutuluka naye pageti n'kudzilembera wekha kalata yochotsedwa ntchito. Ndiye bambo wina wa m'laini mwathu atapha nkhumba, ababa anapempha mafuta, nawasungunula m'chitini. Masiku oyamba ankanunkhira ngati nyama yootcha. Patatha masabata awiri anasanduka achikasu, pamwamba patamatirira ntchentche zakufa, fungo lake lokakamira pakhosi. Anansi athu opemphera Loweruka ankadutsa atatseka mphuno ndi chitenje, ana awo akundiitana kuti Nankhumba. Ndinkasamba mpaka khungu kuwawa, koma m'kalasi mnzanga wa padesiki ankasunthabe.

Loweruka lomaliza zonse zinali zitamangidwa. Panangotsala malimu, zitsulo zozungulira zija zimene mabuleki amaluma kuti njinga iime. Anali ndi dzimbiri ndi zitosi zakale zomatirira m'munsi mwa masipoko. Ababa anaitanidwa ndi akapitawo, ndiye anandisiyira phulusa, mchenga, madzi ndi chitsononkho. Anati ndikweche mpaka chitsulo chioneke, ndipo china chilichonse chisakhudzepo. Ndinavomera. Chifukwa chake sindinafunse.

Ndinakwecha theka la limu limodzi. Madzi a zitosi anandilowa m'zikhadabo, kenako dontho lina linandigwera pamlomo. Pamenepo ndinaponya chitsononkho kutali. Ndinalavula, ndinalavulanso, maso anga n'kugwera pa chitini cha mafuta. Ndinali nditaona mmene ankawalitsira chitsulo chilichonse chimene ababa apaka. Ndinakulunga sanza pa kamtengo kuti zala zisakhudze, ndinaviika m'chitinimo, n'kuzunguza tayala sanzayo ili pa limu. Mbali ino, mbali inayo, kutsogolo ndi kumbuyo. Sizinatenge nthawi. Malimu anawala, zitosi zili pansi pake.

Ababa pobwera anali atatopa. Anafinya mabuleki njinga ili chiimire, ndipo anaoneka ngati agwira. Fungo silikanawauza kanthu chifukwa njinga yonse inkanunkha nkhumba. Anandisisita kumutu, nauza amayi kuti mwana uyu ali ndi manja. Ndinamwetulira. Chimenechi ndicho chimandinyansa kuposa khoswe uja: ndinamwetulira.

Lolemba m'mawa laini yonse inatuluka kudzaona. Amayi anakhala chammbali pa pilo wawo, buku la kusikelo lili m'manja, akugwedeza dzanja ngati akupita ku Joni. Ine ndinawathamangira mpaka pamene njira imayamba kutsetsereka pakati pa minda kulowera kumlatho. Ndinaona zigongono za ababa zikuuma pofinya mabuleki, njinga ikungowonjezera liwiro. Anatsitsa mapazi n'kumakwekwereza pansi, fumbi lofiira likufuka. Asanafike pamlatho anaikhotetsera dala m'munda wa tiyi. Mundawo unali utangoduliridwa kumene, nthambi zonse zili zosongoka. Amayi anagwa chammbali, nthambi ina inawang'amba ntchafu.

Thirakitala yonyamula tiyi ndi imene inawatengera kuchipatala. Anawasoka, nawagoneka masiku anayi, anamwino akubwerabwera kudzamvetsera ngati mwana akadali kugunda. Ababa ankauza aliyense kuti olakwa ndi iwo, anadalira mabuleki akale. Ine ndinkamva, n'kuwasiya asenze mlandu wanga.

Tsiku lachitatu m'mawa ababa anandiitana kuseri, kumene njinga inatsamira khoma. Nyerere zinali zitapanga mzere kuchokera pansi, kukwera tayala, n'kuzungulira limu lonse mbali zonse ziwiri, ngati wina wajambula ndi khala. Ababa anagwada, anapititsa chala pachitsulo, nanunkhiza. Ananong'ona mawu m'Chilomwe, chimene ankachisungira mapemphero ndi mkwiyo, kenako anatembenukira kwa ine.

"Esitere, nyererezi zikudya chiyani apa?"

Ndinati sindikudziwa.

"Izo zikudziwa."

Pamenepo ndinalira, ndikufotokoza za dontho lija ndi kamtengo, kuti zinkandinyansa. Anandisiya ndimalize.

"Zinkakunyansa. Ukuyesa ine zimandikomera? Pamene mphuno yako yakana mpamene dzanja lako lizifika, mwanawe, chifukwa aliyense amathawa pomwepo."

Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya, zikanathera pompo. Anatereka madzi, nandipatsa phulusa, kamtengo kaja n'kukathyola ndikuona. Mafuta anali atafewetsa zitosi kukhala ngati phala, ndipo ndinazichotsa ndi zala zanga, sipoko ndi sipoko, nyerere zikundikwera m'mikono. Nditamaliza anapititsanso chala, chinalira pachitsulo, nagwedeza mutu. Anangowonjezera kuti amayi asamve, katundu ali naye ndi wokwanira.

Mwanayo anabadwa bwinobwino patatha masabata asanu ndi limodzi. Ndi mlongo wanga Yamikani, amene lero amawerama polowa pakhomo chifukwa cha kutalika. Njinga ija inanyamula iye, amayi, matumba a chimanga, mpaka felemu inathyoka. Ababa anamwalira osaitchulanso nkhaniyi, ndipo ine ndinaisunga monga anandiuzira. Kunena zoona, lamulo lawolo linkandikomera.

Tsopano ndili ndi satifiketi ya zophikaphika ya kukoleji, kumene aphunzitsi ankandiyamikira pa ukhondo osadziwa kumene unachokera. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka ziwiri, ndipo ndine mayi wamantha, sindibisa. Ndimanunkhiza kapu yake, supuni yake, m'khosi mwake. Amuna anga agula mawunteni wakale wa pakaunjika, akumukonza pakhonde kuti amangepo kampando kopititsira mwana kumkombaphala. Girisi wawo ndi weniweni, wa m'sitolo. Komabe malimu ndinawauza kuti ndi anga. Amandiseka akandiona ndagwada ndikununkhiza chitsulo, amati ndinakwatiwa ndi njinga.

Mwezi watha amayi anabwera kudzacheza. Akusambitsa mdzukulu wawo anapinda chitenje, chipsera chija n'kuonekera, chachitali ngati chala changa, chotuwa. Mwana anachigwira n'kufunsa kuti n'chiyani. Ndinakhala pansi pomwepo, pamadzi a sopo, n'kuwauza zonse. Sanaleke kusambitsa mwana.

"Ndinakuona tsiku limenelo, ndili pakhomo," anatero. "Ndinati mwana wanga akuwalitsa njinga. Nanga ine za mabuleki ndinkazidziwa? Nditamva kuti bambo ako akutsukitsa malimu ndi madzi otentha mpamene ndinalumikiza. Ndinawauza kuti asakuuze kuti ndikudziwa. Ndimadikira iwe."

Anadikira zaka khumi ndi zisanu. Tinkadyera mbale imodzi, ankandiluka tsitsi, anandiperekeza kukachira, akudziwa, ine ndikuyesa kuti pawala.

Chimene ndamvetsa tsopano n'chakuti kunyansidwa sikunali kulakwa. Zitosi n'zonyansa ndithu, ndipo zidzandinyansa mpaka kufa. Kulakwa kunali kupaka pamwamba, ndipo ndinapaka kawiri: tsiku limodzi ndi mafuta a nkhumba, zaka zonse zotsatira ndi kukhala chete. Kampando ka mwana kamangidwa dzulo. Amuna anga akuti mawa ayesa pamtsetse wa kumsika, ndipo ndawauza kuti ayambe atsika okha katatu, kenako anyamule thumba la mchenga, mwana abwere pambuyo. Malimu ndawatsuka ndi phulusa ndi madzi otentha, popanda kamtengo. Ndapititsa chala, chalira.