Kabala kopanda nyimbo pa Khrisimasi

Moni nonse apabanja.

Masana ano ndinakumana ndi alamu, amuna a Chisomo, monga munandituma pa nkhani ija yoti mchemwali wathuyu anabwerera kumudzi. Koma pa Khrisimasi pano pa Mwanza mungakambire pati za banja? Bala iliyonse nyimbo zili pamwamba, anthu ataledzera kale, kumalire madalaivala a mathiraki akuvina pamsewu.

Tinapeza kabala kena kuseri kwa msika kali zii. Mwini wake anazimitsa wailesi chifukwa kunyumba yoyandikana nako kuli maliro a mayi wina. Anthu amamwa monong'ona, zipewa zili pamaondo.

Ndisanayambe n'komwe nkhani, amayi a kumpingo anayamba nyimbo kuseri kwa mpanda. Alamu anaika botolo pansi, osalikhudzanso. Kenako anati, "Alamu, bambo akulira ukoyo akanakonda mkazi wake akanangopita kwawo ngati wanga. Ine mwayi ndikadali nawo. Ndikufuna ndikamutenge Chisomo."

Ine ndinapita nditakonzeka kukalipa, koma ndinangowauza kuti ndiyamba ndafunsa apabanja.

Ndiye abale, mukuti bwanji? Timuuze Chisomo, kapena tiyambe taona ngati alamu adzanenenso zomwezi tsiku lopanda maliro?