Tsiku limene malume anakadinda zala

Chaka chimene a ndale a kuno ku Canada ankakangana pa wailesi ya kanema ngati mtsogoleri wosankhidwa ndi anthu ayenera kuyamba wafufuzidwa ndi achitetezo asanaone zinsinsi za boma, ine mbali yanga inali yodziwika kale. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Etobicoke, ndipo apolisi anayamba aunika mbiri yanga ndisanaloledwe ngakhale kumusambitsa munthu. Ndiye wofuna kuyendetsa dziko akane? Ndinkaiyankha kanemayo mokweza ngati ikundimva.

Sindinadziwe kuti mkangano womwewo ulowa m'banja mwathu. Malume anga, achimwene awo a mayi, anasankhidwa kukhala wapampando wa gulu lathu la Amalawi. Anabwera kuno kalekale, ndipo palibe maliro kapena ukwati umene unkayenda popanda iwo. Gululo linali litapeza chipinda m'holo ina ku North York choti ana athu, amene ukawafunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi, aziphunziramo chilankhulo Loweruka. Eni holo anati wosunga kiyi wa chipinda cha ana ayenera kukhala ndi chilolezo cha apolisi, apo ayi chipindacho apatsa ena. Wosunga kiyiyo anayenera kukhala malume, monga wapampando.

Ndinawalembera malume zonse zopemphera chilolezocho pa kompyuta, iwo akumwa tiyi. Patapita masabata angapo kunabwera uthenga woti apite okha kupolisi akadinde zala. Apa ndiye panavuta. Malume anakanitsitsa kwa mtu wa galu. Ankati iwo anasankhidwa ndi anthu masanasana, manja ali m'mwamba, ndipo wapolisi sanavote nawo.

Pagulu lathu la pafoni mphekesera sizinachedwe. Ena ankati mwina anagwidwapo akuyendetsa galimoto ataledzera, chonsecho malume mowa sadziwa ndi kukoma kwake. Mayi wina analemba kuti mwana wake samutumiza kwa munthu woopa apolisi. Zimenezi zinandipweteka kwambiri, chifukwa ana anga omwe anakulira pamiyendo pa malumewo. Koma kunena zoona, nanenso kamtima kanayamba kukayika, ndipo kukayikako kunandikwiyitsa kuposa miseche.

Ndinapita kwawo ndili wolusa. Ndinawauza kuti akulankhula ngati andale a pa kanema, kuti voti si sopo wochapa munthu, ndiponso kuti ana ataya chipinda chifukwa cha makani a mkulu mmodzi. Pakamwa panga pamathamanga, ndipo tsikulo ndinaiwala kuti ndikulankhula ndi malume.

"Chabwino, mphwanga. Bukitsa tsikulo. Koma undiperekeze," anatero.

Tsikulo linali la mu Juni, kukutentha mpaka phula kununkha. Ndinawapeza pa siteshoni ya sitima ya pansi atavala juzi, jekete pamwamba, ndipo poyenda ndinaona kuti mkati mwa buluku muli buluku lina. Ndinawaseka kuti kodi amva kuti chisanu chibwerera masana ano. Sanaseke. Sitima itanyamuka anandipatsira makiyi a nyumba, foni ndi kabotolo ka mankhwala awo a shuga, n'kuyamba kundilangiza za maluwa awo a pakhonde.

Kenaka anandiuza, maso ali pawindo pomwe panalibe choona. Ali mnyamata ku Zomba, nthawi ya chipani chimodzi, anaitanidwa kupolisi kuti akangodinda zala basi. Anapita atavala malaya a manja aafupi, poganiza kuti nkhomaliro akadyera kunyumba. Anatuluka m'ndende patapita zaka, osauzidwa mlandu, ndipo chimene amakumbukira kwambiri si zikwapu koma kuzizira kwa simenti. Mayi anga sanandiuzepo zimenezi. Kuyambira pamenepo malume sanapondenso pakhomo la polisi, kwathu kapena kuno.

Ndinangogwira kabotolo kaja mwamphamvu mpaka tinatsika.

Kupolisi tinakhala pa mzere pamodzi ndi atsikana ofuna ntchito ya unamwino ndi bambo wina wophunzitsa ana mpira. Mayi wa pa kauntala, atayang'ana chiphaso cha malume, anatifotokozera kuti palibe chachilendo. Tsiku lawo lobadwa likafanana ndi la munthu wina amene ali ndi mlandu m'mabuku awo, amafuna zala kuti atsimikize kuti si yemweyo. Ndipo malume, monga achikulire ambiri a kwathu amene makolo awo sankalemba masiku, anangopatsidwa ndi kalaliki tsiku loyamba la Januwale. Mayiyo anati anthu ochokera kutali obadwa tsiku limenelo amawaona kawirikawiri. Mtima wanga unakhala pansi moti ndinatsala pang'ono kumukumbatira pagalasi pomwepo.

Panalibe ngakhale inki. Malume anaika zala pa kagalasi kowala, thukuta likuyenderera m'khosi, ine ndikuwaonera pakhomo. Chilolezo chinadzabwera bwinobwino pambuyo pake, ndipo ana akuphunzira m'chipindamo mpaka lero. Maganizo anga sanasinthe, mtsogoleri azifufuzidwa ndithu. Koma ndinasiya kufulumira kunena kuti wokana aliyense ali ndi chobisa.

Titatuluka panja, malume anaima padzuwa n'kucheukira kuchitseko, ngati akudikira kuti wina awaitane. Palibe anatuluka. Magalimoto ankangodutsa.

"Ndiye kuti zatha?" anandifunsa motsitsa.

"Zatha, malume."

"Tizipita kunyumba? Lero lomwe?"

Ndinavomera ndi mutu. Anakhala pa benchi ya pamalo odikirira basi n'kuyamba kumasula mabatani a jekete, koma mabataniwo ankawakanika. Ndinagwada pamaso pa anthu onse aja n'kuwamasulira ndine.