Mkeka wa Sitaleki pa Nambala 14

Kalolaine anafika ku California kuchokera ku Vava'u, m'dziko la Tonga, ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo ntchito yake sinasinthepo: kusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza makolo a anthu ena. Mwamuna wake anamwalira ana akadali aang'ono. Zaka zisanu ndi zinayi zomalizazi ankasamalira gogo wina wachizungu ku San Mateo, iye ndi ana ake awiri akukhala m'kanyumba ka kuseri. Gogoyo atamwalira, ana ake anagulitsa nyumba. Anawo anapatsa Kalolaine maluwa, ndi masiku makumi atatu oti asamuke.

Abale analipo, odzaza tchalitchi chonse. Koma sanauze munthu. Lamulungu ankalowa m'tchalitchimo zovala zili mbee, atasitira kuntchito yake yatsopano, n'kuimba mokweza kuposa onse.

Malo anawapeza pabwalo loimikapo magalimoto la tchalitchi china, kumene mabanja osowa pokhala amaloledwa kugona m'magalimoto mwawo. Geti amatsegula sikisi madzulo, ikamakwana seveni m'mawa aliyense akhale atachoka. Pali mlonda, chimbudzi ndi mpopi. Vani ya Kalolaine anaipatsa nambala 14. Lamulo lalikulu ndi limodzi: aliyense agone mkati mwa galimoto imene analembetsa. Anthu a nyumba zoyandikana nazo anavomera bwaloli pokhapokha asadzaone munthu atagona pansi.

Apa m'pamene panagona nkhani. Mwana wake wamwamuna, Sitaleki, anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wamkazi, Heilala, khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kwawo ku Tonga mnyamata ndi mlongo wake akatha msinkhu sagona chipinda chimodzi, sabwerekana zovala, ngakhale nthabwala zina sangaseke pamodzi. Kukanyumba kuja Sitaleki ankagona m'galaja. Nanga pano galaja aipeza kuti? Kalolaine anamuyalira mkeka pakati pa vani ndi mpanda, n'kumufunditsa mabulangete onse atatu. Iye ndi Heilala anafunda nsalu.

Sabata isanathe mlonda anamuona. M'mawa mwake Marisol, mayi woyang'anira bwalolo, anabwera ndi chenjezo loyamba.

"Mayi Kalolaine, vani yanu ndi yaikulu kuposa zonse pano. Mwana akugoneranji panja? Mwayambana?"

"Amamva kutentha," anayankha Kalolaine. Unali mwezi wa Januwale, mpweya ukutuluka mkamwa ngati utsi.

Akanatha kufotokoza. Marisol si munthu wouma mtima, mwina akanapeza njira. Koma kutchula ndi pakamwa, pamaso pa mlendo, chifukwa chimene mnyamata sagonera pafupi ndi mlongo wake, kwa Kalolaine kunali ngati kuwaganizira ana ake zonyansa.

Doreen wa pa nambala 15, mayi wachikulire wokhala ndi kagalu kake, anatulutsa mutu pawindo.

"Achemwali, ingondipatsani ine mnyamatayo. Patha zaka khumi ndisanamve mkonono wa mwamuna."

"Iwe Doreen, mkonono wa ameneyu ukuswera magalasi onse."

Anaseka onse, ngakhale Marisol. Koma pepala analisiyabe pagalasi la vani.

Chenjezo lachiwiri linabwera patatha masiku khumi. Lachitatu likabwera, ndiye kuti nambala 14 yapita. Mabanja odikira malo anali ambiri. Ndipo kugona m'mbali mwa msewu ndi mtsikana wa msinkhu wa Heilala, Kalolaine anali atakulawako kale milungu iwiri. Sankafuna n'kukumbukira komwe.

M'mawa umenewo anaimika vani kupaki, akudya buledi ndi nyama ya m'chitini, zitseko zili zotsegula. Sitaleki anakhala pa udzu, maso ali psuu.

"Amayi, ndizigona pampando wa dalaivala. Titchinge ndi nsalu pakati. Atione ndani? Kuno si ku Vava'u."

"Kwa ine palibe vuto, Amayi," anatero Heilala.

"Tseka pakamwa iwe. Nkhani imeneyi suiyankhula mlongo wako ali pomwepa."

"Ndiye tiiyankhula liti?" Sitaleki anakweza mawu, chinthu chimene anali asanachitepo. "Ndikugona pa phula ngati galu wa Doreen. Ayi, galu wa Doreen akugona mkati!"

Kalolaine anapinda pepala la buledi kanayi, n'kulipindanso.

"Bambo ako ndinawalonjeza kuti ndikulerani ngati anthu. Nyumba ndalephera. Ichinso ndilephere?"

"Ndiye ine ndigone kuti?"

Kalolaine ankadziwa kuti mwanayo akunena zoona. Ankadziwanso kuti akangomuona atagona m'vanimo, Heilala ali kumbuyo kwa nsalu, iye sadzathanso kuwayang'ana kumaso onse awiri.

Sitaleki anaimbira yekha malume ake a ku Salt Lake, amene amagwira ntchito yothira konkire. Kuti amulandire, anayenera kunena zonse: za nyumba, za vani, za mkeka. Lisanalowe dzuwa foni ya Kalolaine inali ikulira mosalekeza, abale akufunsa chifukwa chake anabisa. Sanayankhe ngakhale imodzi. Maphunziro a zamagetsi amene Sitaleki anatsala nawo miyezi iwiri kuti amalize, palibe anawatchula.

Loweruka anamuperekeza kudepoti ya mabasi ku San Jose. Kunali mphepo. Kalolaine anamugwira kumaso ndi manja onse awiri, n'kumununkhiza patsaya monga ankachitira ali khanda.

"Ukamvere malume ako. Usakagone ndi njala chifukwa cha manyazi."

"Manyaziwo ndatengera ndani?" anatero mnyamatayo, akuyesa kumwetulira.

Heilala anaima chapatali pang'ono, monga analeredwera, atapinda manja, akunjenjemera m'kabulauzi kake. Sitaleki anamuyang'ana, n'kuvula jekete lake, n'kulitambasula. Mtsikanayo anayamba kutambasula dzanja. Kenako onse awiri anatembenukira kwa mayi awo.

Kalolaine ankafuna kunena kuti tenga, mwanangu, tenga. Koma anangotembenuzira nkhope kumbali.

Sitaleki anavalanso jeketelo, anakoka zipi mpaka pakhosi, n'kukwera basi.