Mapiritsi a bambo a Esnati ndimasunga ndine

Chizindikiro choyamba chinali njinga. Amuna anga, bambo a Esnati, anapita ku Nkaya kukagulitsa chinangwa n'kubwerako wapansi. Nditawafunsa, anati sanapite nayo njingayo. Mnzawo wina ndiye anatibweretsera madzulo ake. Apo n'kuti tangomaliza kukolola.

Pofika dzinja zinthu zinakula. Ankafunsa chinthu chimodzimodzi kangapo, ndipo Lamulungu lina anasochera pochokera kutchalitchi, njira yomwe ayenda chiyambire unyamata wawo. Ena pamudzi anayamba kunong'ona zoti alodzedwa. Ine ndi mwana wathu Esnati tinapita nawo kuchipatala chaching'ono, komwe anatitumiza ku Balaka. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Dokotala anawafunsa mafunso, anawayeza magazi ndi mtima, kenako anati ndi matenda a ubongo oiwalitsa, amene amagwira anthu ena akamakula. Satha, koma pali mapiritsi othandizako.

"Limodzi patsiku, pogona," anatero dokotala. "Mukaiwala, musaphatikize awiri mawa lake, chifukwa amachedwetsa kugunda kwa mtima. Akamva chizungulire, akasanza kwambiri kapena kukomoka, bwerani nawo msanga. Ndipo musawagulire mankhwala a ululu pagolosale musanatifunse. Ena akakumana ndi awa amayambitsa zilonda m'mimba."

Titafika kunyumba bambo anaika mapiritsiwo m'thumba la jekete lawo. Nditati ndiwasungire, anakana. "Iyayi, ine si mwana," anatero. Usiku uliwonse ndinkawaona akumwa limodzi, mtima wanga n'kukhala m'malo. Sindinkadziwa kuti masana, ine ndili kumjigo kapena kuchigayo, ankamwanso poganiza kuti sanamwe.

Anayamba nseru, kutsegula m'mimba ndi thukuta losatha. Tinkayesa malungo. M'mawa wina anagwa kudimba kwathu m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, thupi lili zii. Tinawakweza pa njinga yamoto kuthamangira nawo kuchipatala ku Balaka, Esnati atawagwirira kumbuyo.

Namwino atawagwira pamkono anati mtima ukugunda pang'onopang'ono kwambiri. Anapempha kuona mapiritsi. M'paketi ya mwezi wathunthu munali mutatsala ochepa, mwezi usanafike ndi pakati pomwe. Anawagoneka, anawaika diripi, n'kuwasiyitsa mapiritsiwo. Ndinkayala chitenje pansi pafupi ndi bedi lawo, ndikuphika phala kukhitchini ya odikirira odwala. M'mawa ndi madzulo namwino ankabwera kudzawayeza mtima, ine ndikumuyang'ana kumaso kuti ndidziwe ngati zikusintha. Pang'onopang'ono anayamba kukhala tsonga ndi kudya okha. Anawatulutsa, ndipo titabwererako kukaonedwa, dokotala anawayambitsanso mapiritsi aja atatsimikiza kuti mtima wabwerera m'chimake.

Lero mapiritsi amakhala m'bokosi lokhoma, kiyi ali kwa ine. Wopereka ndi mmodzi: ine, kapena Esnati ndikachokapo. Nthawi zina amadandaula kuti, "Mayi a Esnati, lero simunandipatse." Sinditsutsana nawo. Ndimawapangira tiyi, n'kuyamba nkhani ina.

Kuiwala kudakalipo. Koma amadya bwino, amathirira ndiwo zamasamba ndikakhala nawo, ndipo nyimbo zakutchalitchi amaimba osaphonya liwu. Ine amandidziwabe.

Anzanga, wachikulire akayamba kusochera kapena kubwereza mawu, musathamangire zoti walodzedwa. Pitani naye kuchipatala kudakali m'mawa. Ndipo akapatsidwa mapiritsi, asungeni inu, ngakhale akwiye. Munthu amene akudwala kuiwala sangakumbuke kuti wamwa kale.